Malume Wedisoni ndi Makoswe a ku Joni

Mmisiri womanga chiliza anafunsa funso limodzi lokha, koma linatidyera mmawa wonse. Ankafuna kudziwa choti adzalembe pa simenti yomaliza: dzina lokha la Wedisoni, kapena ayambe ndi mawu oti Dokotala. Amayi anga anati alembe Dokotala, poti mudzi wonse unkawaitana choncho achimwene awowo. A Luwiza, mkazi wa malemuwo, anali pa mphasa akusankha nyemba, ndipo anayankha osadzutsa mutu.

"Eni ake analikana okha dzinalo, alamu. Munalipo."

Amayi anayang'ana kumbali, mmisiri n'kuyamba kusakaniza mchenga.

Papita chaka chiwaikireni m'manda malume anga, kumudzi kwathu kuseri kwa Thambani, ndipo ndatopa kumva mbiri yawo ikusanduka nthabwala za pamsika. Ena amati anali dokotala wabodza. Ena amanong'ona kuti mkazi ndiye anawapha. Ine ndine mwana wa mlongo wawo, ndinawagwirira beseni m'miyezi yawo yomaliza, choncho ndinene zomwe ndinaona ndisanayambe kuzikayikira nanenso.

Malume anabwera kuchokera ku Joni zipani zambiri zitangokhazikika kumene. Anzawo a msinkhu umodzi anali atabwerako kalekale ku migodi, ndi mabulangete, ndi chifuwa chosatha. Iwo anabwera ndi manja ofewa komanso kachikwama kachikopa, momwe munali makina oyezera kuthamanga kwa magazi, aja opopa ndi dzanja. Chithunzi chawo chinali chitawatsogolera zaka zambiri: malume atavala chijasi choyera, magolovesi m'manja, nkhope ya munthu wodziwa zinthu. Amayi anachipachika pabalaza ndipo mlendo aliyense ankayamba wachiona asanapatsidwe madzi. Malume sananenepo ndi pakamwa pawo kuti ndi dokotala. Koma wina akaitana kuti a Dokotala, ankatembenuka. Ulemu umakoma, ndipo iwo anaukonda kwambiri.

Anali munthu wovuta kupatsana naye moni. Wina akamawayang'ana kumaso, iwo ankayang'ana mapazi ake. Akaona akakolo onenepa ankawerama, n'kudina ndi chala chachikulu, n'kudikira kuti aone ngati kadzenjeko kabwerere. Ankafunsa anthu akuluakulu, ngakhale apongozi a eni ake, ngati mkodzo wawo umachita thovu ngati sopo. Anthu ankathawa funsolo koma pakhonde pawo sipankasowa munthu wopinda malaya kuti amangidwe mkono. Sanabayepo munthu jakisoni, sanaperekepo piritsi. Akapopa n'kumvetsera, ankangoti pitani ku chipatala mawa lomwe, ndipo mukapanda kupita ankakutsatirani kumunda.

Ankakonda kunena kuti mutu ukadwala umalira, mimba nayo imalira, koma impso ndi mkamwini wofatsa: amagwira ntchito osadandaula, tsiku lomwe mudzamve mawu ake ndiye kuti wamanga kale katundu. Akapeza womvetsera ankatola legeni yakale n'kuikoka. Ankati mitsempha ya magazi imadzipangira yokha kampweya kena kamene kamaiuza kuti imasuke, magazi adutse bwino kupita ku impso. Dzina lake ankalitchula pang'onopang'ono, monyadira, kuti naitiriki okusaidi. Munthu akamakalamba, makamaka wa bipi, kampweyako kamachepa, mitsempha n'kuuma ngati legeni ya pa dzuwa, impso n'kumalandira magazi operewera mpaka kufota. Ife tinkagwedeza mitu. Palibe amene anafunsapo kuti impso zofotazo anaziona mwa ndani.

Chinthu chimodzi chinkatidabwitsa. Mbewa sankadya, ndipo khoswe sankapha. Akamupeza m'nkhokwe ankamugwira ndi dzanja lokha, mofulumira, patsinde pa mchira, khosweyo n'kungokhala duu ngati wamudziwa mbuye wake. Kenako ankapita naye kutchire kukamutaya wamoyo. Amayi ankakalipa kuti makoswewo amafika kunyumba iwo asanabwerere. Malume ankangoseka, ndipo ife tinkati ndi chifundo cha anthu ophunzira.

A Luwiza, malume anawapeza pa malire. Anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ali mtsikana, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo analibe wobwererako. Ankagulitsa manachesi ndi nthochi kwa madalaivala a mathiraki, akucheza nawo m'Chipwitikizi. Malume, pokhala mwinimbumba, sakanachoka pamudzi, choncho anawatenga chitengwa. Anali aang'ono kwa malume ndi zaka zambiri, ndipo mwana sanabereke. Amayi anga ndi amayi aang'ono sanawakondepo. Sankawatukwana ayi. Ankangowayamikira zinthu zolakwika, monga kuti alamu athuwa amadziwa kuseka ndi alendo.

Ndewu yoyamba ya m'banjamo inali ya mchere, ndipo tonse tinkaimva. Malume anali ndi bipi kuyambira ku Joni, ankamwa mapiritsi mmawa uliwonse osaphonya, ndipo analamula kuti mumphika mwawo musalowe mchere ngakhale wotsina. A Luwiza ankati ndiwo yotere ndi ya munthu amene wagona kale pa mphasa. Ankabisa kamchere kawo kudenga la khitchini, malume n'kukapeza, n'kukataya. Zinatenga nthawi, koma lilime limazolowera. Mapeto ake a Luwiza ankaphika osathira, n'kuika mchere m'kasosala pambali kuti mlendo adzithirire yekha.

Kasosala kameneko ndi kamene kanawapalira mlandu. Kwathu mkazi sathira mchere m'ndiwo akakhala kumwezi, ndipo sathiranso ngati wazembera mwamuna wake, kuopa kumusempha. Izi timazidziwa tonse, ngakhale amayi ovala yunifolomu ya mpingo Lachinayi. Azilongo awo a malume anayamba kuwerenga. Mwezi uno alamu sanagwire mchere, mwezi wamawa chimodzimodzi, chaka chonse chimodzimodzi. Amayi aang'ono anafunsa tsiku lina ku chitsime kuti kodi mwezi wa ku Mozambiki sutha? Azimayi anaseka, ndipo nkhani inakula yokha: mkazi wogulitsa pa malire, wodziwa chilankhulo cha madalaivala, woopa kugwira mchere wa mwamuna wake. Ankangodikira umboni.

Umboniwo unabwera malume atakalamba. Nsapato zinayamba kukana, n'kuyamba kuvala patapata wodula zingwe. Mmawa nkhope inkadzuka yotupa, maso ngati alira. Ndinawaona tsiku lina ali okha kuseri kwa nyumba akudzidina mwendo, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana kadzenje kosabwerera. Ndinawaperekeza ku Boma, kenako ku Blantyre. Kumeneko anatiuza kuti impso zatha mphamvu, ndipo chotsala ndi makina osefa magazi, omwe amafuna munthu azikhala m'tauni n'kumapitako sabata iliyonse mpaka kufa. Malume anamvetsera mwaulemu, anathokoza, n'kundiuza kuti tikakwere minibasi. M'njira anangoti mathero a matendawa anawaona kambirimbiri, ndipo akufuna akawadikire pansi pa manachesi awo.

Titafika tinapeza mlandu utaweruzidwa kale. Kutupa miyendo, kutupa nkhope, kubanika: kwa amayi anga chimenechi chinali tsempho losachita kufunsa. Malume anayesa kuwauza kuti mchere anauletsa ndi iwo. Amayi anati akumubisira mkazi chifukwa cha chikondi cha ukalamba. Anawauza za impso, ndipo yankho la amayi silinandichoke m'mutu mpaka lero.

"Achimwene, inu ndinu dokotala. Matenda a kuchipatala mukanadzichiza kalekale. Akukanikani chifukwa awa ndi a kumudzi."

Amayi anawapatsa a Luwiza njira ziwiri. Avomere kuti anayenda ndi mwamuna wina, kenako asakanize ndi dzanja lawo mankhwala a tsempho ndi mchere, awamwetse amuna awo. Akakana, amange katundu abwerere komwe anachokera, asadikire maliro. Komwe anachokerako kunalibe ngakhale chitsa choti akhalepo. Ine ndinkadziwa kuti amayi akulakwa, koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo amayi ako ndi amayi ako. Ndinalankhula kamodzi, anandifunsa ngati ndinabadwa kuchokera kwa a Luwiza, sindinabwerezenso.

Tsiku lomwe ndimalikumbukira kwambiri linayamba ndi chitenje chomangidwa mfundo pakhomo la kuchipinda. Malume anachiona ndikuwatulutsa panja kukawothera dzuwa.

"Luwiza, katunduyu akupita kuti?"

"Sapita kulikonse, bambo. Ndaganiza ndingovomera. Ndatopa. Ndikavomera andisiya ndikusamaleni. Ndamangiratu kuti mwina akandithamangitsabe."

"Uvomere chiyani?"

"Chomwe akufunacho."

Malume anakhala pa mpando wawo wa ndalema, miyendo pa kampando, akupuma movutikira. Kenako ananditembenukira.

"Esinati, kaitane amayi ako ndi amayi ako aang'ono. Uitanenso onse amene amatunga madzi pa chitsime chija. Amuna awonso abwere. Nkhani inayenda pagulu, ithere pagulu."

Anthu anabwera msanga, poganiza kuti a Luwiza akukaulula. Anadzaza bwalo mpaka pansi pa manachesi. Malume sanathe kuimirira. Analankhula atakhala, akudukiza kuti apeze mpweya.

"Achemwali anga akuti matendawa ndi a kumudzi chifukwa dokotala sangalephere matenda a kuchipatala. Akunena zoona mwina. Koma ine si dokotala. Sindinakhalepo dokotala. Sukulu ndinalekezera pomwe munalekezera inu, achemwali."

"Nanga chijasi chija?" anafunsa amayi.

"Chinali choti zovala zanga zisade ndi manyi a makoswe."

Kenako wina kumbuyo anatsokomola mofuna kubisa kuseka.

"Ndinkagwira ntchito pa sukulu ya madokotala, m'chipinda chapansi. Munali makoswe oyera, ambirimbiri, m'timakola ta waya. Mtundu wake umabadwa ndi bipi. Ntchito yanga inali kuwadyetsa, kusesa, ndi kutapa mikodzo yawo mmawa uliwonse kuti madokotala akaiyeze. Zaka zonse zomwe munkati mlongo wathu akuchiza azungu, ine ndinali wantchito wa makoswe."

Apa anthu anaseka ndithu. Amayi aang'ono anaphimba nkhope ndi mpango. Amayi anga sanaseke.

"Ndiye zaka zonsezi takhala tikukupatsani mikono yathu kuti mutiyeze ngati makoswe?"

"Eya, achemwali. Kungoti iwo tinkawamanga kumchira. Inu mulibe."

Anadikira phokoso lithe. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo, a Luwiza n'kufuna kuwapukuta, iwo n'kukankha dzanja pang'ono.

"Sekani, koma mumve. Makoswe ena tinkawasunga mpaka akalambe. Ena ndinkawapatsa chakudya cha mchere wambiri. Ena ankamwa madzi a mankhwala otseka kampweya kaja ndimakuuzani. Akafa, kapena madokotala akawang'amba, ine ndinkagwira mbale. Impso ya khoswe wamng'ono ndi yosalala ngati nyemba. Ya wokalamba wa bipi ndi yokhakhala, yofota. A mchere aja ndiwo ankayamba kufooka. Ndinawaona akulefuka mmene ndikulefukiramu."

Anapuma, n'kuloza a Luwiza.

"Makoswe amene aja anali amphongo okhaokha. M'khola mwawo simunalowepo wamkazi. Analibe mkazi woti awasemphe, achemwali. Ndipo mchere womwe unkawapha ndinkathira ndine, ndi dzanja ili. N'chifukwa chake ndinauletsa m'nyumba mwanga. Mayi uyu wadya ndiwo zozizira zaka zonsezi chifukwa cha ine, lero mukuti ndi hule chifukwa chondimvera."

Mawu oti hule sanatchulidwepo poyera mpaka nthawi imeneyo. Azimayi a ku chitsime anayamba kuyang'ana pansi. Malume anamaliza ndi mawu a mwinimbumba, anthu onse akumva: nyumba iyi ndi manachesi awa ndi za a Luwiza mpaka tsiku lomwe adzafe, ndipo wowathamangitsa adzakhale atayamba wafukula iwo.

Ndikanakonda kunena kuti anthu anachita manyazi n'kusintha. Sizinatero. Amayi anadzuka, anakutumula chitenje, n'kunena kuti khoswe si munthu. Madzulo omwewo anachotsa chithunzi chija pabalaza. Koma za sing'anga sanazitchulenso, ndipo a Luwiza anamasula mfundo ya chitenje chawo. Ndikuganiza kuti chinawagonjetsa amayi si nkhani ya impso ayi. Anadziwa kuti mlongo wawo, munthu wonyada chotere, sakanadzivula pagulu chifukwa cha mkazi wolakwa.

Mtengo wake malume anaulipira okha. Pakhonde panasiya kubwera anthu opinda malaya. Ana ankadutsa pamsewu akulira ngati makoswe, n'kuthawa. Bambo wina amene malume anamukakamiza kupita ku chipatala zaka zapitazo, ndipo ali moyo lero chifukwa cha zimenezo, ankauza anthu pa msika kuti anapusitsidwa. Zinawawawa malume, ndisaname. Tsiku lina anandipempha kachikwama kachikopa kaja, anatulutsa makina, anapopa kawiri m'malere, n'kubwezeramo. Anandifunsa ngati ndikuganiza kuti anachita bwino. Ndinati eya. Anati akanayenera kunena kalekale, kungoti dzina lija linkakoma, ndipo sankadziwa kuti likudya munthu wina.

M'masabata omaliza ankakamba za makoswe momasuka, ngati munthu amene wavula nsapato yothina. Anatiuza za wina wokalamba amene ankabwera yekha m'dzanja mwawo mmawa uliwonse, ndipo tsiku lomung'amba iwo anapempha kuti akasese kwina. Ankati makoswe a bipi ndi aukali akadali anyamata, koma akakalamba amangofuna pofunda. A Luwiza ankawafunditsa bulangete lachiwiri n'kuwafunsa kuti nanga khoswe uyu akufuna phala? Anamwalira nyengo yozizira, manachesi atapsa, nthambi zikuchita kufuna mphanda. Pa maliro ena ankati a Dokotala, ena ankati a Wedisoni, ambiri ankangoti malemu.

Chaka chonsechi amayi ndi a Luwiza akhala akupatsana moni wa pamsewu basi. Pepani sanatuluke, ndipo sindikuyembekezera kuti adzatuluka. Amayi anga ndi munthu woti akaponda phazi lako amakuuza kuti unaliika pa njira.

Tsiku lovundukula chiliza azimayi anasonkhana kuseri kuphika ndiwo za anthu onse. Nyemba zitapsa mu mphika waukulu, mayi wina anatenga paketi ya mchere. Amayi anamulanda. Anayenda nayo kudutsa azimayi onse a ku chitsime aja mpaka pomwe a Luwiza ankatsuka mbale.

"Alamu, thirani ndinu."

A Luwiza anawayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta manja pa chitenje, anatapa mchere, n'kuthira. Dzanja linali litaiwala muyeso, moti anathira wochepa kwambiri, woyenera anthu awiri. Anthu onse aja anadya nyemba zosakolera, ndipo palibe amene anapempha wowonjezera. Pa chiliza panalembedwa dzina lokha. Amayi sanatsutsenso.

Ndinadutsa pa nyumbapo dzulo masana. Mpando wa ndalema uli pomwe unkakhala, nsalu yake itatsika pakati pomwe thupi lotupa lija linaikoka. Kampando koikapo miyendo a Luwiza amaikapo lichero. Kachikwama kachikopa kapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo mphira wa makina aja wauma, wayamba kung'aluka. Manachesi abereka ngati kale, ena akugwa okha. M'nkhokwe makoswe achuluka, poti a Luwiza akuti sangathe kuwagwira ndi dzanja, komanso mtima sukuwalola kuika poizoni.

Anandipatsa chakudya pakhonde. Anabweretsa ndiwo, kenako kasosala ka mchere, n'kukaika mbali yanga. Iwo anadya osathira. Ndinawafunsa kuti bwanji, poti wowaletsa kulibenso.

"Ndinayesa," anatero, akuyang'ana mpando uja. "Ukuwawa."